Dzino Langa mu Filimu ya Adadi

Ndikukumbukira fungo la nyumba yathu yoyamba ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Kapeti yake inali itamwa utsi wa fodya wa anthu amene anakhalamo ife tisanabwere, ndipo ngakhale amami anaikwecha ndi sopo wamtundu uliwonse, tikangoyatsa hita fungolo linkadzuka. Loweruka masana linkasakanikirana ndi la mbuliwuli zopserera, chifukwa amami ndi maikulowevu sanamvanepo mpaka lero. Tinafika kumeneko kuchokera ku Chilomoni ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nthawi ija anthu ankatumizabe zithunzi ndi madividi kumudzi kudzera mwa aliyense amene wamveka kuti akukwera ndege.

Ku Blantyre adadi anali ojambula maukwati. Ngati munakwatira ku Chilomoni, ku Ndirande kapena ku Zingwangwa masiku amenewo, mwina munawaonapo, bambo wamtali woonda ali chogwada pakati pa holo, kamera ili paphewa, akukalipira ana kuti achoke kutsogolo. Ku America ntchito imeneyo inalibe wowafuna. Anapeza ina ku Elkhart, m'fakitale yopanga makalavani, komwe ankakhoma timakabati tsiku lonse n'kubwera zala zitang'ambika. Kamera inakwera pamwamba pa wadiropu m'chikwama chake chakuda n'kukhala komweko. Amami kwathu anali namwino, koma kuno mapepala awo analibe ntchito mpaka atalembanso mayeso, choncho ankasamalira nkhalamba usiku, masana akuwodzera pa mabuku.

Chisangalalo cha amami chinali chimodzi, mafilimu achikondi. Loweruka m'mawa tinkakwera basi awiriwiri kupita ku laibulale ya m'tauni, n'kubwerako ndi madividi atatu kapena anayi, onse nkhani yake yofanana. Mtsikana wa mumzinda wapita kwawo pa Khirisimasi n'kukakumana ndi mnyamata wogulitsa mitengo. Akondana, akangana pa nkhani yosadziwika mutu wake, mtsikana wanyamula sutikesi, mnyamata wathamangira ku bwalo la ndege, mvula ikugwa. Amami ankadziwa mathero ake filimu isanayambe, komabe ankalira nthawi zonse pamalo omwewo, akupukuta misozi ndi ngodya ya chitenje.

Vuto linali adadi. Iwo ankati sakonda mafilimu amenewa, koma sankachoka pabalaza, ndipo rimoti inkakhala m'manja mwawo. Mnyamata akangotsegula pakamwa kuti anene mawu amene amami akhala akudikira ola lathunthu, chithunzi chinkangoti njo, kuima.

"Taonani kapu iyo," ankatero adadi. "Panopa vinyo ali pakati. Dikirani ndibweze. Mwaona? Apa anali wodzaza. Apanso wadzaza. Wathira ndani? Mzimu?"

"Bambo a Tada, anthu akukondana apa, inu mukuona kapu?"

"Akondane bwino, koma kapu ikhale malo amodzi."

Ine ndinkagubuduka pa kapeti ndi kuseka. Amami ankatsonya n'kulanda rimoti, koma nthawi imeneyo kutsonya kwawo kunali ndi kumwetulira mkati.

Panalibe chimene chinkawadutsa. Mnyamata waima pa mvula malaya atamatirira pathupi, kamera ikatembenuka n'kubwerera, malaya aja auma ngati achokera pa chingwe. Mtsikana wathamanga kuchoka m'nyumba atavala gogoda, pofika pamsewu ali mu nsapato zafulati. Maluwa achoka kudzanja lamanja kupita kumanzere popanda wowasuntha. Sikafu yomangidwa yamasuka yokha, kenako yadzimanganso. Filimu ina kandulo inkakula m'malo mofupika, ndipo adadi anati ameneyo ndiye kandulo wofunika kutumiza ku Malawi magetsi akamazima.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti zimenezi zimatheka bwanji, poti anthu ojambulawo ndi azungu odziwa ntchito. Anandikhazika pambali pawo n'kundifotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi munthu wamkulu. Anati zimene timaona ngati mphindi imodzi, iwo amajambula masiku osiyana. Mnyamata akhoza kunena kuti ndimakukonda Lolemba, mtsikana n'kudzayankha Lachinayi. Mwinanso sanakhalepo m'chipinda chimodzi tsiku limenelo, wina ankangolankhula ndi khoma. Wolumikiza zidutswa ndiye amawakumanitsa. Pamakhala munthu amene ntchito yake ndi kukumbukira kuti kapu inali pati ndipo tsitsi linagona mbali iti, ndipo munthu ameneyo akangophethira, bodza limaonekera. Ndinamva chisoni pang'ono tsiku limenelo, chifukwa ndinkakhulupirira kuti anthu aja amayang'anizana zenizeni.

Posakhalitsa ndinasanduka wophunzira wawo. Cholakwika changa choyamba kugwira chinali ndolo. Mtsikana wina ankalira pakhonde ali ndi ndolo zazitali, atapukuta misozi ndolo zinali zitasanduka timadontho. Ndinakuwa kuti imitsani, adadi anabweza, anayang'anitsitsa, kenako anandigwira chanza ngati ndakhoza mayeso a sitandade eyiti. Kuyambira pamenepo amami anali ndi adani awiri pabalaza. Anayamba kukhala kumapeto kwa sofa, mbale ya mbuliwuli ili pamiyendo, osaipereka kwa aliyense.

Panopa ndakula, ndimaona zimene sindinkaona. Munthu amene amagwira kapu yosuntha mu filimu amagwiranso mchere ukachepa m'ndiwo, nsapato zikasiyidwa pakhomo molakwika, galimoto ikaimikidwa chopendekera. Adadi sankamenya munthu ndipo sankakuwa. Ankangoona, n'kunena zimene aona, tsiku ndi tsiku, kwa mkazi amene wagwira ntchito usiku wonse. Sindikunena kuti chimenecho chokha ndicho chinaphwasula nyumba yathu. Za anthu awiri sizidziwika zonse, ndipo ine palibe anandikhazikapo pansi kuti andiuze. Ndimangodziwa kuti mafilimu a Loweruka anayamba kuchepa, kenako amami anayamba kuonera okha pa laputopu kuchipinda, atavala zomvera m'makutu.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi amami anakhoza mayeso awo n'kupeza ntchito pa chipatala china chachikulu ku Indianapolis. Ndinauzidwa kuti akukakhala kumeneko chifukwa cha ntchito basi, ndipo ine nditsala ndi adadi kuti ndisasokoneze sukulu. Anapeza kanyumba ku Lawrence, kumpoto chakum'mawa kwa mzindawo. Lachisanu lililonse madzulo adadi ankanditenga pa msewu wa 31, kudutsa minda ya chimanga yosatha, yathyathyathya mpaka diso kutopa, mpaka pamalo ena omwetsera mafuta ku Kokomo. Kumeneko amami ankakhala akudikira m'galimoto mwawo. Ndinkatsika kuno n'kukwera uko. Lamulungu madzulo tinkabwereza zomwezo chobwerera. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinali ndi nyumba ziwiri koma magolovesi anga nthawi zonse ankakhala atatsala kunyumba inayo.

Akanakhala mwana wina mwina akanakhulupirira nkhani ya ntchito ija. Koma iwo eni anali atandiphunzitsa kuyang'ana. Ndinaona kuti ku Lawrence kulibe silipasi za adadi, kulibe lezala lawo kubafa. Ndinaona kuti ku Kokomo magalimoto awiriwo ankaima motalikirana, ndipo palibe amene ankatsitsa galasi. Mphete ya amami inkaoneka Lamulungu popita kutchalitchi, pobwerako inkalowa m'kambale pamwamba pa firiji. Adadi anasiya kunena kuti mayi a Tada, anayamba kunena kuti amami ako. Ndinkagwira zonsezi chimodzichimodzi, koma panalibe woti ndimuuze kuti imitsani. Ndinkangopemphera usiku kuti ntchito ya ku Indianapolis ithe, kapena fakitale ya ku Elkhart itsekedwe, chilichonse choti chiwabwezere pa sofa imodzi.

Kumudzi nako kunalibe amene ankadziwa. Ukwati wa kwathu sutha anthu awiri atangotembenukirana misana. Pamafunika ankhoswe akhale pansi, amve mbali zonse, ayese kulumikiza, akalephera ndiye anene kuti zatha. Ankhoswe a makolo anga anali ku Zomba ndi ku Blantyre, ndipo kuwaitana kunali kofanana ndi kuuza agogo aamuna, bambo awo a amami. Agogo anali atadwala sitiroko chaka chomwecho. Anali mkulu wa mpingo ku Zomba, munthu amene ananyadira ukwati umenewu kuposa eni ake, ndipo ankatcha adadi kuti mwana wanga osati mkamwini. Achibale onse ankachenjezana kuti nkhani zolemetsa mtima zisawafike. Choncho ku Indiana banja lathu linali litatha, koma ku Zomba linali lamoyo ndithu.

Chakumapeto kwa Novembala agogo anatumiza uthenga. Anati mafoni amangomva mawu, iwo akufuna kuona nkhope. Poti mwana wawo uja, adadi, ndi wojambula, awajambulire filimu ya banja lonse, atatu pamodzi, aionere pa Khirisimasi. Bambo wina wa kutchalitchi kwathu ankanyamuka kupita ku Malawi kudzera ku Chicago Lachitatu la sabata yotsatira, ndipo anavomera kutenga dividiyo.

Nditamva ndinadziwa kuti tsopano makolo anga alibe kothawira, akhala pa mpando umodzi basi. Koma Lachinayi madzulo adadi anatsitsa chikwama chakuda chija pa wadiropu, anapukuta fumbi, n'kundiitana.

"Tada, ukukumbukira zija ndinakuuza, kuti wina amalankhula Lolemba wina n'kuyankha Lachinayi?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndiye tipanga zomwezo. Amami ako ukawashuta iweyo ndi kamerayi Loweruka ku Lawrence. Zanga tidzashuta Lamulungu kuno. Iwe ukhala pakati monsemo. Zinazo ndidzaedita ndekha, kulumikiza zidutswazo."



Anakonza zonse mwaluso loti likanandisangalatsa likanakhala la nkhani ina. Makoma a nyumba ziwirizo anali osiyana, choncho anatulutsa nsalu yaikulu yobiriwira, yotsala pa nsalu imene achibale anavala pa ukwati wa makolo anga, kuti ipachikidwe kumbuyo. Masofa anali osiyana, choncho bulangete limodzi linayenera kuphimba onse awiri. Nyale ya pabalaza pathu inalowa m'galimoto kuti kuwala kufanane. Pa miyendo ya kamera anamatapo tepi posonyeza kutalika kwake. Ine ndinayenera kuvala juzi yofiira masiku onse awiri, tsitsi amami aliluke Lachisanu ndipo ndizigona nditamanga duku. M'manja ndinayenera kugwira kapu ya tiyi, ndipo mkati mwa kapuyo adadi analembamo kamzere kuti tiyi asapitirire kapena kuchepa. Ku Lawrence kamera ionetse amami ndi ine, phewa langa lakumanja litadulidwa pang'ono, ngati kuti adadi ali pomwepo kungoti sanakwane. Ku South Bend ionetse ine ndi adadi, mbali inayo itadulidwa.

Anandipatsanso nthabwala yoti ndinyamule. Mu filimuyo iwo adzanena mawu oseketsa, ndipo pamafunika chidutswa cha amami akuseka. Ndiye ndikawauze nthabwalayo kamera ikujambula, aseke, iwo adzalumikiza.

Loweruka ku Lawrence kunacha kuli mitambo yotuwa. Tinapachika nsalu ija ndi mapini, amami osanena kanthu za komwe inachokera, ngakhale ndinaona dzanja lawo likuisisita kamodzi. Anavala diresi labwino, anapaka milomo, anatenga mphete m'kambale muja. Ndinadina batani n'kuthamangira pamalo anga. Amami analonjera agogo mwaulemu wonse, anafunsa za mwendo, za mankhwala, za mvula ngati yayamba. Anati kuno tonse tili bwino, bambo a Tada akugwira ntchito molimbika, mwana akukhoza kusukulu. Ponena dzina la adadi anatembenukira kumanja kwanga n'kumwetulira, monga ndinawauzira. Kumene ankayang'anako kunali chitseko cha bafa.

Kenako ndinati, "Amami, adadi akuti adzanena kuti: Bambo, mwana wanuyu kuno akuyendetsa galimoto. Mitengo yonse ya ku America ikumudziwa, ikangomuona imapatuka yokha."

Amami anaphulika kuseka. Sikunali kuseka kwa kamera ayi, kunali kuja kwa pa sofa ya ku South Bend, mutu chagada, dzanja likumenya bondo. Anati, "Bodza! Unali mtengo umodzi wokha!" Inenso ndinaseka mano onse pamtunda. Koma kuseka kwawo kunapitirira mpaka kunasintha, mapewa anayamba kugwedezeka mwa mtundu wina, ndipo anadzuka n'kulowa kubafa kuja. Ndinakhala ndekha pa bulangete ndi kapu yanga ya tiyi wozizira, kamera ikujambulabe, mpaka ndinakumbukira kuti ndiyenera kuizimitsa.

Ndinali ndi dzino lina la m'mwamba, la pambali pang'ono, limene linali likugwedera kwa masabata angapo. Linali limodzi mwa mano omaliza a ubwana, ndipo linkaoneka bwino ndikamaseka. Lamulungu masana tili pa msewu kulowera ku Kokomo, amami anandipatsa apozi. Nditaluma ndinamva kuti khwe, kenako kukoma kwa magazi. Dzino linali litatsala mu apozi. Amami anayang'ana, anati, "Aa, lachoka," n'kundipatsa tishu. Kwathu tikanaliponya padenga, koma pa msewu wa 31 panalibe denga, choncho ndinalikulunga n'kuliika m'thumba la jekete.

Sipanapite nthawi ndisanazindikire tanthauzo lake. Dzulo ndajambulidwa ndili ndi dzino. Lero ndikajambulidwa ndilibe. Bambo wotenga dividi akunyamuka Lachitatu, ndipo ine kubwereranso ku Lawrence ndi Lachisanu. Adadi amene ndinkawadziwa ine, amene sankakhululukira kapu ya vinyo, sakanalola mwana wawo kumera ndi kuguluka dzino kasanu m'filimu imodzi. Njira inali imodzi yokha, amami atitsatire ku South Bend lero lomwe tikajambulenso. Ndipo akakhala m'nyumbamo, palibenso chifukwa chojambulira zidutswa ziwiri. Njira yonse lilime linkangosewera pa mpata uja. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu wayankha pemphero langa kudzera mu apozi.

Ku Kokomo sinowo inali itayamba kugwa, yopyapyala, youluka ndi mphepo. Ndinasamutsa nsalu, bulangete, nyale ndi kamera, n'kukhala kutsogolo m'galimoto ya adadi. Ndisanamange lamba ndinawatembenukira n'kuseka dala, pakamwa ponse. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kowala. Kenako anazimitsa injini, anatsegula chitseko, n'kutuluka opanda chipewa.

Ndinawaona akuyenda pang'onopang'ono pa simenti yoterera kulowera ku galimoto ya amami, imene inali isananyamuke. Kanali koyamba chiyambire maulendo a ku Kokomo. Anagogoda pa galasi. Linatsika theka. Sindinkamva chilichonse, ndinkangoona kudzera pa galasi lakutsogolo limene sinowo inkaphimba pang'onopang'ono. Adadi analoza pakamwa pawo. Analoza kwa ine. Kenako analoza kumpoto, kumene kuli South Bend, ndipo dzanja lawo linakhala m'mwamba choncho kwa kanthawi. Amami ankayang'ana kutsogolo, manja onse awiri ali pa chiwongolero. Ndinawerama kuti ndione bwino, ndinapukuta nthunzi ndi dzanja la jekete. Ndinaona milomo ya amami ikuyenda pang'ono, kenako mutu wawo ukupukusika kawiri. Galasi linakwera. Galimoto yawo inabwerera m'mbuyo mosamala, n'kukhotera kum'mwera.

Adadi anaima pomwepo mpaka tsitsi lawo linayera. Atabwera anakhala pansi, anapukuta kumaso ndi chikhatho, n'kuliza injini.

Kunyumba tinapachika nsalu, tinayala bulangete, tinathira tiyi mpaka pa kamzere. Ndinati mwina ndizilankhula chotseka pakamwa, kapena ndizibisa ndi kapu. Adadi anakana.

"Seka mmene umasekera."

"Koma aona, adadi. Dzinoli lizioneka n'kumasowa."

Anasuzumira mu kamera, anakonza pang'ono, osandiyang'ana. "Amami ako ankanena zoona. Anthu saonera makapu."

Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti banja lathu latha. Panalibe amene anandiuza ndi pakamwa, ngakhale pambuyo pake. Ndinadziwira pa mawu amenewo, ndipo ndinamva kuwawa kumene sindinakumvepo chiyambire. Komabe batani litadinidwa ndinakhala pamalo anga, ndinagwira kapu, ndinaseka. Adadi analonjera apongozi awo, ananena nthabwala ya mitengo ija, n'kutembenukira kumanzere kwanga ndi nkhope yachikondi imene ndinali ndisanaione kwa nthawi yaitali. Kumene ankayang'anako kunali tsache loyedzamira khoma.

Analumikiza zidutswazo madzulo awiri otsatira, atawerama pa laputopu patebulo la kukhitchini. Ntchito yake inali yokongola, ndisaname. Adadi akalankhula, amami ankagwedeza mutu. Adadi akaponya nthabwala, amami ankaseka n'kunena kuti unali mtengo umodzi wokha. Kuwala kunali kumodzi, nsalu imodzi, tiyi sanasunthe. Ine ndekha pakati ndinali mwana wa mano onse ndikakhala ndi amami, ndi wa mpata ndikakhala ndi adadi.

Dividi inafika ku Zomba. Tsiku la Khirisimasi agogo anaimba foni, mawu awo olemera ndi sitiroko ija, akuseka. Anati aionera katatu, aitana ndi anthu oyandikana nawo. Anati ndakula, ndafanana ndi malemu agogo aakazi, ndipo mwana wawo asiye kugunda mitengo ya eni. Za dzino sananenepo kanthu. Kaya sanaone, kaya anaona n'kusunga mumtima, sindidzadziwa, chifukwa anamwalira mvula ya chaka chimenecho isanathe. Ankhoswe anakhala pansi pambuyo pa maliro, nkhani n'kutha mwadongosolo lake. Chaka chotsatira ndinasamukira ku Lawrence, ndipo maulendo a ku Kokomo anatembenuka, Lachisanu kumpoto, Lamulungu kum'mwera.

Masiku ano zinthu zotere sizingachitikenso. Azakhali a ku Zomba akafuna kukuona amangoimba foni ya vidiyo nthawi iliyonse, n'kunena kuti tatembenuza foniyo ndione m'nyumba, amuna ako ali kuti. Palibe nsalu yobisa khoma, palibe wodikira munthu wokwera ndege. Ana a anzanga amauzidwa zonse poyera, amakhazikidwa pansi n'kufotokozeredwa kuti adadi ndi amami azikhala kosiyana koma onse amakukonda. Mwina ndi bwino choncho. Zolakwika za m'mafilimu nazonso anthu amaziika pa intaneti atazizunguliza ndi mzere wofiira, moti sipafunikanso diso la munthu ngati adadi. Ine mpaka lero sinditha kuonera filimu yachikondi mwamtendere. Anthu akamapsompsonana ine ndimakhala ndikuyang'ana kolala ya malaya, ndipo anzanga anasiya kundiitana.

Adadi anamwalira ndili ku koleji, mtima unangoima ali kuntchito. Pochotsa katundu m'nyumba ya ku South Bend ndinapeza dividi ina m'chikwama chakuda chija, yolembedwa ndi dzanja lawo kuti Zomba. Ndinaisunga zaka zingapo osaigwira. Chaka chatha pa Khirisimasi ndinapita nayo ku Lawrence, ndinafukula makina akale oonetsera m'kabati, n'kufunsa amami ngati angafune kuona. Anali asanaionepo ngakhale kamodzi. Anapukuta manja, anakhala kumapeto kwa sofa monga kale.

Nsalu yobiriwira inaoneka, kenako ife atatu, kapena kuti awiri ndi awiri. Pa nthabwala ya mitengo amami anamwetulira. Chithunzi chitachoka pa iwo kupita kwa adadi, kamtsikana ka juzi yofiira kanaseka ndi mpata m'kamwa, ndipo dzanja langa linapita lokha pa rimoti. Ndinafunsa funso limene ndinalisunga kuyambira tsiku lija, kuti kodi adadi ananena chiyani pa galasi ku Kokomo.

Amami sanachotse maso pa kanema. "Anati, mayi a Tada, dzino la mwana lachoka, tiyeni kunyumba tikajambule tonse atatu. Anati kunyumba. Ndinawauza kuti ndili ndi shifiti. Ndinalibe shifiti tsiku limenelo. Ndinkaopa kuti ndikalowa m'nyumba muja sinditulukanso."

Pa kanema adadi anali atatembenukira kumanzere, akumwetulira tsache lija, ndipo chidutswa chotsatira amami ankawabwezera kumwetulirako ali ku mzinda wina. Ndinati ndiimitse, ndiwaonetse pamene panalumikizidwa, pamene dzino likubwerera. Amami anagwira dzanja langa n'kulitsitsa.

"Usaimitse, Tada," anatero. "Asiye akhale limodzi mpaka ithe."